Chithunzi cha a Dafuleni Chimene Sindinajambule

2006, pa windo la ofesi

"Inu a Mukhuna, musandiyese chitsiru. Getsi linawala, ine ndinaliona ndi maso angawa. Chithunzi cha amuna anga chili kuti?"

Amene anakuwa choncho ndi make Esinati, mayi wothyola tiyi ku divishoni ya kumtunda, chimodzi mwa zigawo za esiteti yathu. Linali Lachisanu masana, pa windo la ofesi yathu yolemba anthu ntchito, anthu ali pamzere. Amuna awo, a Dafuleni, anali ataikidwa m'manda masabata atatu apitawo. Mayiyo anali ndi mpango wakuda kumutu, mwana kumsana. Ine ndinaimirira mpaka mpando unagwa. Ndinawauza kuti pano ndi pa ofesi, si pa msika wa Luchenza, kuti filimu inapsa ku Limbe kumene amatsuka zithunzi, ndipo ngati ali ndi mawu ambiri akakuwire eni makina a kumeneko. Ndinawonjeza kuti amene anapha amuna awo si ine. Kenako ndinamenyetsa windo.

Filimuyo sinapse. M'kameramo munalibe filimu. Ana anga, mwakula mukumva anthu akunditchula kuti a Fulashi ndipo mumayesa ndi dzina laulemu la ntchito. Si laulemu. Popeza tsopano ndinapuma ndipo nthawi ndili nayo, ndilemba m'mene linabwerera, kuti musadzamve kwa ena atathira kale mchere.

1987

Ntchito yanga yoyamba pa esiteti inali ya ukalaliki wa pa sikelo. Ndinali nditangomaliza Fomu 4 ndi satifiketi yosanyaditsa. Sikeloyo tinkaipachika pa mtengo wa m'mphepete mwa munda ku divishoni ya kumtunda, othyola tiyi n'kumabwera ndi madengu, ine n'kumalemba. Bwana wanga anali a Likhutcha, kapitawo wamkulu, munthu wamfupi wa chipewa cha kaki amene sankafuna kuona munthu wopita kusukulu. Dzina langa sankalitchula. Ankangoti "iwe Fomu Folo," makamaka pakakhala azimayi. Ndinapirira zaka zitatu. Tsiku lina mvula ikugwa anandiuza kuti sukulu inandiphunzitsa kugwira cholembera koma osati kugwira ambulera, azimayi n'kuseka. Ndinaponya buku lonse m'tchire la tiyi n'kuwauza kuti akalitole okha, popeza iwo ndi tchirelo n'ngofanana msinkhu. Ndinapita kunyumba ndikudziwa kuti ntchito yatha. M'malo mwake anandisamutsira ku ofesi yaikulu, chifukwa akuluakulu atalitola bukulo anaona kuti ndimalemba mooneka bwino. Ndinatengapo phunziro lolakwika, loti kupsa mtima kumakweza munthu, ndipo linanditengera zaka zambiri kuti ndilitaye.

1991

Ku ofesi ndinapeza a Nampinga, mkulu wa olemba anthu ntchito, bambo wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga kalata. Ndi iwo amene anandigwiritsa kamera koyamba. Kampani inkafuna kuti wantchito aliyense akhale ndi khadi la chithunzi, ndipo wojambula wochokera ku tauni ankavuta kubwera. Tinkapachika nsalu yoyera pakhoma la sitolo ya feteleza. Munthu ankaima pamenepo atagwira sileti ya ana a sukulu pansi pa chibwano, yolembedwa nambala yake ya ntchito ndi choko. Ndikakanikiza batani la kamera, wotsatira ankafufuta ndi malovu, ine n'kulemba nambala ina. Filimu imodzi inkatenga anthu 36. A Nampinga anandionetsa kuti ukaiika mosamala, manja ali m'kati mwa jekete kuti kuwala kusalowe, umatha kufinyamo awiri ena. Mwezi ukatha ndinkakwera basi kupita ku Limbe kukatsukitsa.

Zithunzi zikabwera tinkazimata pa makadi, koma manegativu a Nampinga sankalola kuti atayike ngakhale amodzi. Negativu ndi kachidutswa ka filimu yotsukidwa kamene chithunzi chimachokerako, ndipo ukakhala nako ungathe kutulutsa chithunzicho kangati konse. Tinkawaika m'maenvelopu olembedwa chaka ndi manambala a anthu, n'kuwasanja m'bokosi la tiyi, aja a matabwa opyapyala okhala ndi chipepala chonyezimira m'kati. Iwo ankati bokosi limene limateteza tiyi ku chinyezi mpaka kutsidya kwa nyanja silingalephere chiperoni cha kuno. Mawu awo amene ndimawakumbukira ndi akuti, "A Mukhuna, pepala limanyowa, limang'ambika, mbewa zimadya. Negativu ndiye munthuyo."

1993

Ndinagula kamera yanga yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo Lamulungu lililonse ndinkazungulira m'makomboni pa njinga. Anthu a pa esiteti sankajambulitsa kuti adzione okha. Ankajambulitsa kuti atumize kwawo, ku Phalombe, ku Mulanje, ena kutsidya kwa malire, kuti abale aone kuti ku tiyi kukuyenda. Choncho palibe amene ankaima ndi dengu. Jekete limodzi linkavalidwa ndi amuna khumi pa mzere umodzi wa nyumba, wamtali manja ali panja, wamfupi zala zitabisika. Wotchi inkabwerekedwa, ndipo mwini dzanja ankalipinda kuti iyang'ane kwa ine. Wailesi inkaikidwa patsogolo, mlongoti utakokedwa wonse. Munthu ankaima chilili osaphethira, chifukwa ankadziwa kuti mwayi ndi umodzi. Akatero ankadikira masabata awiri, ndipo chimene chabwera ankachilandira, kaya maso otseka kaya mutu wodulidwa pang'ono.

Chinthu chimene chinadzandigwetsa ndinachiphunzira kwa a Sitima, wojambula wakale wa ku Luchenza, tili pa ukwati wina. Filimu yanga inatha dzuwa likadali pamutu, ndipo amalume a mkwati, atakhuta mowa, anandigwira malaya kuti ndiwajambule ndi akazi awo awiri. Nditayamba kufotokoza, a Sitima anandiponda phazi n'kundinong'oneza kuti kamera siuza munthu kuti yatha. Fulashi, getsi lija la pamwamba, limayendera mabatire ake, ndipo limawala kaya muli filimu kaya mulibe. Ndinakanikiza, getsi linawala, amalumewo anapita akuvina. Ojambula tinkati kumeneko ndi kuwalitsa, ndipo tonse amene ndinkawadziwa tinkachita. Ukakana munthu pa ukwati umatukwanidwa, mwinanso kumenyedwa, ndipo banja limenelo silidzakuitananso. Ukawalitsa aliyense amakondwa. Ambiri ankaiwala. Wokumbukira tinkamuuza kuti filimu inapsa, ndipo popeza mafilimu ankapsadi nthawi zina, palibe ankatsutsa. Ine ndinkadziuza kuti si kuba, chifukwa munthu ankalipira chithunzi chikafika m'manja mwake, ndipo kwa owalitsidwa sindinkatenga kanthu.

1999

Ndinakanganapo ndi wachiwiri kwa manijala pa nkhani ya galimoto yopita ku Limbe. Anandisiya pa geti ndi mafilimu m'thumba, ndipo atabwerera ndinamuuza zimene ndinkaganiza za iye ndi za amene anamulera. Anandiponya ku divishoni ya kufupi ndi Khwethemule, kumene ndinakhala zaka zinayi. Inu awiri akuluakulu mukukumbukira matope ake. Kumeneko filimu inali ngati mankhwala osowa. Ndikagula ziwiri ku Luchenza zinkayenera kundifikitsa mwezi, pomwe maukwati ndi maubatizo sankadikira. Ndi kumeneko kumene kuwalitsa kunasanduka chizolowezi. Ndinafika pomuyang'ana munthu n'kumuyeza, uyu ngwa filimu, uyu ngwa getsi. Mphunzitsi, kapitawo, mkazi wa abusa, amenewo filimu. Munthu wosalankhula, wovala jekete lobwereka, amene sangabwere kudzandifunsa kawiri, ameneyo getsi.

2004

Nditabwerera ku ofesi yaikulu ndinapeza a Nampinga atapuma. Pampando pawo panali a Chikopa, mnyamata wa ku koleji wa tayi yopyapyala, amene anabweretsa kompyuta ndi kamera ya dijito. Kamerayo inali yaing'ono ngati sopo, yopanda filimu, yokhala ndi kagalasi kumbuyo koonetsa chithunzi nthawi yomweyo. Zithunzi zinkakhala pa kakhadi kakang'ono ngati sitampu, ndipo kakadzadza unkafufuta zakale. Sileti ndi choko zinatha, nambala inkalembedwa pa kompyuta. Tinayamba kujambulanso antchito onse, divishoni imodzi imodzi, pang'onopang'ono chifukwa inki ya makina osindikizira inkatha msanga kuposa filimu. A Chikopa ankafuna malo oika tebulo la kompyuta, ndiye anandilamula kuti bokosi la manegativu ndikaliponye m'boyila, ching'anjo cha ku fakitale. Ndinawauza kuti m'bokosimo muli anthu a zaka khumi ndi zitatu. Anati anthu ali kumunda, m'bokosimo muli zinyalala. Ndinalikweza pa wilibala, koma pa mphambano ya ku fakitale ndinakhotera kunyumba. Mayi anu anayalapo nsalu n'kumaikapo mabeseni. Ku ofesi ndinati lapsa.

Makamera a dijito anayamba ndi mamanijala, kenako anamwino ndi aphunzitsi a ku mishoni amene anali ndi abale ku Joni. Wothyola tiyi sakanatha kugula, koma sanachedwe kuphunzira mawu amodzi akuti "tione." Ndikajambula munthu ankabwera kudzatembenuza kamera yanga, n'kupeza chipulasitiki chakuda, n'kundiyang'ana ngati ndamubisira. Anasiya kuima chilili. Ankafuna kubwereza chifukwa waphethira, chifukwa mpango wapendekeka. Woyamba kukhala ndi kamera ya dijito pa esiteti yathu, kupatula akuluakulu, anali a Sisita Nakhumwa, namwino wa pa kiliniki, mayi wa Sabata wosakweza mawu. Mchimwene wawo ndiye anawatumizira. Ankajambula aliyense ulele, azimayi n'kuunjikana pa kagalasi kaja mitu kugundana, kuseka mano a anzawo. Koma zinkathera pomwepo. Kuti chithunzi cha dijito chikhale pa pepala, khadi linkayenera kupita ku Blantyre, ndipo a Sisita analibe nthawi imeneyo. Mayi wina wachikulire anandiuza kuti nkhope yake yakhala ikugona m'chikwama cha a Sisita miyezi itatu, ndipo mwana wake wa ku Phalombe sangalowe m'chikwamamo kukamuona. Choncho anthu anagawikana okha. Akafuna kuseka ankapita kwa a Sisita, akafuna chopachika pakhoma ankabwera kwa ine.

Zimenezo zinandipusitsa kuti filimu sidzatha. Koma ku Luchenza masitolo anasiya kuibweretsa, ndipo ku Limbe anayamba kunena kuti sangasungunule mankhwala otsukira chifukwa cha filimu zitatu, ndizidikira mpaka zichuluke. Masabata awiri anasanduka mwezi ndi theka. Mayi anu anandiuza kangapo kuti tigulitse mbuzi ndigule ya dijito. Ndinkayankha kuti chija ndi chidole cha ana, zithunzi zake zimaoneka ngati zajambulidwa m'nkhungu, zomwe zinali zoona pa makamera oyambawo. Chifukwa china sindinkachinena. Kamera ya kagalasi siwalitsa. Munthu amafuna kuona.

A Sisita ndinawayamba ndine. Pa ukwati wina anaima patsogolo panga nthawi yodula keke, ndipo ndinawauza anthu akumva kuti apite akabaye majakisoni, ntchito ya zithunzi ili ndi eni ake. Anasuntha. Atadutsa pafupi nane anangoti iwo zimene ajambula amaonetsa. Ndinawasungira mawu amenewo chaka chathunthu osawapatsa moni.

2006, ukwati wa pa bwalo la sukulu

Unali wa mwana wa dalaivala wa thirakitala, Lamulungu. Ndinali ndi filimu ziwiri zokha, ndipo yachiwiri inathera pa perekaniperekani. Ndinaikulunga, kuitulutsa, kuiika m'thumba la buluku. Ndipamene anabwera a Dafuleni. Ankagwira ntchito ku fakitale kumene amafotetsa masamba, munthu wamtali wa mpata m'mano, wosalankhulalankhula. Anali atavala jekete la mlonda wa pa geti, ndinalizindikira chifukwa ndinalijambulapo pa anthu ambiri. M'manja ananyamula Esinati, wa miyezi inayi, mwana woyamba patapita zaka zisanu ndi zitatu ali m'banja. Anati, "A Mukhuna, ine ndi mwanayu basi, kamodzi kokha."

A Sisita anali ataima mapazi khumi kuchokera pamene tinali, kamera yawo ili m'manja. Ndikanatha kunena kuti yanga yatha, pitani apo. Mawu anayi. Sindinafune kuti a Sisita andione ndikuwatumizira munthu. Ndinawaimika a Dafuleni pafupi ndi mpanda wa maluwa, ndinawauza kuti akweze chibwano, mpaka ndinapita kukatembenuza nkhope ya mwana kuti iyang'ane kwa ine. Akazi awo anaima pambali akukonza kolala ya jekete ndi maso. Ndinakanikiza, getsi linawala. Bamboyo anathokoza ndi manja awiri.

Patapita masabata asanu lole inawagunda ali pa njinga pa msewu wa ku Luchenza, m'mawa wa chiperoni. Khadi lawo la ntchito linali m'thumba ndipo silinapezeke. A ku fakitale tinali tisanawajambule ndi dijito, anali omaliza pa ndandanda. Pamaliro panalibe chithunzi choika pa bokosi. Make Esinati anabwera kwa ine kawiri mwaulemu, akugwada pakhomo, ndipo kawiri konse ndinati za ku Limbe sizinafike. Ulendo wachitatu ndi uja wa pa windo.

2006, madzulo a Lachisanu lija

Nditafika kunyumba nkhani inali itandipitirira kale, inadzera pa mpope. Mayi anu sanandilandire chikwama. Anandifunsa funso limodzi, ngati m'kamera munali filimu. Ndinayamba kukweza mawu kuti nawonso alowa gulu la azimayi a pa windo. Anadikira ndimalize, kenako anati buluku la ukwati uja analichapa ndi iwo, anatulutsamo filimu ziwiri, ndipo zithunzi za ziwirizo zinabwera kale, anaziona pa tebulo. Anafunsa kuti yachitatu yopsayo ndinainyamulira m'thumba liti. Ndinakhala pansi.

Ndinakumbukira kuti a Sisita ankajambulanso tsiku lija. Ndinayang'ana dzuwa. Likalowa Lachisanu, munthu wa Sabata sakhudza kamera mpaka mawa lake madzulo. Ndinapalasa njinga mpaka ku kiliniki n'kuwapeza akutseka kabati ya mankhwala. Ndinapereka moni wa chaka chonse pakamodzi, moipa, ndipo anaulandira ngati tinaonana dzulo. Nditafotokoza anatulutsa kamera m'chikwama. Anati za ukwati umenewo zambiri anafufuta, chifukwa khadi linadzadza ndipo kunali mwambo wa ana a kwaya, koma zinatsala zochepa. Tinaziyang'ana chimodzi chimodzi, mitu pamodzi ngati azimayi amene ndinkawaseka aja. Keke, akwati, ana ovina. Kenako chinabwera china chimene ankajambula azimayi ophika, ndipo m'mbali mwake munali mpanda wa maluwa. A Dafuleni analipo, koma anafulatira. Chinkaoneka ndi msana wa jekete la mlonda ndi kaphazi ka mwana kali lende. Kutsogolo kwawo kunali ine, nditawerama bwinobwino ngati katswiri, kamera ili pamaso. Nkhope imene inatuluka pa chithunzi chimenecho inali yanga.

A Sisita anandifunsa ngati yanga ija inapsadi. Ndinati ayi, munalibe kanthu. Anali munthu woyamba kumva zimenezo kuchokera pakamwa panga pa zaka khumi ndi zitatu. Sanandilalikire. Anangoti akanadziwa akanazungulira kutsogolo, ndipo chithunzicho sachifufuta mpaka nditawauza. Anazimitsa kamera chifukwa dzuwa linali pa mitengo.

Pobwerera ndi pamene ndinakumbukira bokosi. Mayina ndimaiwala, koma manambala a antchito anakhazikika m'mutu mwanga kuyambira pa sikelo. A Dafuleni anali 2417, analembedwa 1996. Ndinatsitsa mabeseni a mayi anu, kukokera bokosi pakhonde kuti ndigwiritse kuwala kotsala. A Nampinga sananame, chinyezi sichinalowe, kupatula maenvelopu a pamwamba amene anachita nkhungu m'makona. Ya 1996 inali pakati. Pa chidutswa chachinayi ndinaona sileti ya 2417, pamwamba pake mnyamata wowonda, khosi lalitali, pakamwa potseguka pang'ono mpata wa mano ukuoneka.

Maganizo anga oyamba anali aukalaliki. Ndipite ku Limbe, atulutse chithunzi chachikulu, adule sileti, ndichipereke kwa kapitawo akawapatse mayiwo. Nkhani ya filimu yopsa ikhale momwemo, ine ndioneke munthu wachifundo amene wafufuza zakale. Ndinawauza mayi anu. Anati ndi nzeru yabwino, koma make Esinati adzakhala moyo wawo wonse akukhulupirira kuti chithunzi cha bambo ndi mwana chinalipo, chinangopsa, ndipo anthu a pa windo adzakhala akudziwa kuti mayi uja ndi wamwano amene anakuwira kalaliki wosalakwa. Anati, "Munawatukwana anthu akumva. Mukanene anthu akumva." Ndinawauza kuti sakudziwa chimene akunena. Ndikaulula, aliyense amene ndinamuuzapo kuti filimu inapsa adzadziwa, ndipo palibe adzandiitanenso pa ukwati. A Chikopa adzadziwanso kuti bokosi silinalowe m'boyila. Mayi anu anati zonsezo akuzidziwa, n'kulowa kukasonkha moto.

Ndinene pano kuti zimene ndinkaopazo zinachitikadi zonse. Ndinalandira kalata ya chenjezo chifukwa cha bokosi, ngakhale a Chikopa sanatumize munthu kudzalitenga. Maukwati anatha. Pamene ndinkadzagula kamera ya dijito patapita zaka ziwiri, mafoni ojambula anali atayamba kufika m'makomboni, ndipo inangojambula inu ndi mbuzi.

Loweruka m'mawa

Ndinadzuka kusanache bwino, ndinaika chidutswa chija mu envelopu yatsopano, n'kupalasa kupita ku divishoni ya kumtunda. Sikelo inali pa mtengo womwe uja ndinayambira ntchito. Anthu anali atasonkhana kuti aitanidwe mayina, madengu kumsana, mapulasitiki m'chiuno chifukwa cha mame. Make Esinati anali kumapeto, mwana kutsogolo popeza kumsana kunali dengu. Atandiona anatembenukira kumbali. Ndinapempha kapitawo kuti adikire pang'ono. Sindinakonze mawu okoma, ndipo ndikanakonza akanandikanika. Ndinati dzulo ndinanama. Filimu sinapse. Tsiku la ukwati filimu inali itatha, ndinawalitsa getsi chabe, chithunzi cha a Dafuleni ndi mwana wawo kulibe ndipo sichinakhaleko. Ndinati mayiwa sanalakwe kukuwa, wolakwa ndine, ndipo mawu ndinanena pa windo aja ndi a munthu wopanda khalidwe.

Kenako bambo wina kumbuyo anafunsa ngati chake cha pa ubatizo chija chinapsanso motero. Ndinati eya. Mayi wina anati nanga chake cha ndi wailesi. Ndinati sindikukumbukira, koma mwina. Wina anati, "Basi, awa ndi a Fulashi," anthu ena n'kuseka, ena osaseka.

Make Esinati sanaseke ndipo sanalire. Ndinawapatsa envelopu ndi manja awiri n'kuwauza kuti ichi n'chakale, cha tsiku limene amuna awo analembedwa ntchito, mwana mulibe, koma nkhope ndi yawo. Ndinawaonetsa kugwira m'mbali kuti zala zisadetse. Anakweza kachidutswako kumene dzuwa linkatulukira. Pa negativu zinthu zimatembenuka, chakuda chimaoneka choyera. Anayang'ana nthawi yaitali, kapitawo akusuzumira wotchi.

"Tsitsi layera," anatero. "Akuoneka ngati agogo."

Ndinafotokoza kuti chithunzi chikatsukidwa tsitsilo libwerera kukhala lakuda, adzaoneka mnyamata wa zaka makumi awiri. Anati amva, koma ndiwasiye aone kaye chonchi, popeza imvi za amuna awo sadzaziona kwina. Anatembenuza mwana kuti ayang'ane, mwanayo n'kufuna kukagwira kuti akadye.

Ndinawafunsa ngati ku Limbe ndikawauze adule sileti ya nambala, chitsale nkhope yokha. Anati ndisadule kanthu, zodula zakwana. Anandibwezera envelopu, n'kukonza lamba wa dengu paphewa. Za kukhululuka sananene, ndipo ine sindinafunse. Kapitawo anayamba kuitana mayina. Ine ndinasiya njinga kwa mlonda wa pa geti, mwini jekete uja, ndinaika envelopu m'thumba la malaya n'kumanga batani, ndipo ndinayenda wapansi kukadikira minibasi ya ku Limbe.